Kuyenda m'milu ya mchenga ndi m'madambo a kugombe la nyanja yamchere: mafunso ndi mayankho

Munthu akafika koyamba pamalo pomwe milu ya mchenga yagundana ndi dambo, m'mphepete mwa nyanja yamchere, amamwaza maso n'kuona ngati wabwera pachabe. Mchenga, udzu wolimba, matope ndi mphepo basi. Chonsecho malo amenewa amadyetsa zamoyo zochuluka zedi, kungoti zimaonekera kwa munthu amene wafika pa nthawi yake, amenenso amatha kukhala pansi n'kudikira. Mayankho ali m'munsiwa ndi a aliyense amene akukonzekera ulendo wotere, kugombe lililonse.

Kodi milu ya mchenga imapangika bwanji, nanga dambo limabwera bwanji kuseri kwake?

Mafunde amalavulira mchenga pagombe. Madzi akaphwa, dzuwa limaumitsa mchengawo ndipo mphepo yochokera kunyanja imayamba kuukankhira kumtunda. Sukwera m'mwamba kwenikweni, umangodumphadumpha pafupi ndi nthaka, n'chifukwa chake tsiku la mphepo umakulasani kwambiri m'miyendo. Ukapeza chotchinga, kaya chikuni kaya ndere zouma zomwe mafunde anasiya, umaunjikana pomwepo.

Kamulu kotere kakanafafanizika ndi mphepo yotsatira pakanapanda zomera. Kumagombe a ku Ulaya ntchitoyi imagwiridwa ndi udzu wotchedwa marram, womwe umasangalala ukamakwiriridwa: mchenga ukaufotsera, umatulutsa mizu ina pamwambapo n'kupitiriza kukula, ndipo mulu umakwera nawo limodzi. Kumadera otentha kuli chomera choyanga cha mtundu wa mbatata, cha maluwa ofiirira, chomwe akatswiri amachitcha Ipomoea pes-caprae. Chimayala nthambi zake pamchenga n'kuugwira.

Mulu ukakula umatchinga madzi a mvula ndi a timitsinje kuti asafike kunyanja, ndiye amadikha kuseri kwake. Kwina mphepo imakumba pakati pa milu mpaka kufika pa madzi apansi, ndipo pamabadwa zithaphwi zopanda mchere, pafupi kwambiri ndi mafunde. Kumathiriro kwa mitsinje, matope amakhazikika n'kumera udzu wopirira mchere kapena mitengo yomera m'madzi amchere yotchedwa mangrove. Zonsezi zimaoneka pamodzi ku iSimangaliso, ku South Africa, komwe milu yomera nkhalango, ina yotalika kuposa mamita 150, yaima pakati pa nyanja ya Indian ndi nyanja ya St Lucia. Bungwe la UNESCO linaika malowa pa mndandanda wa malo ofunika padziko lonse mu 1999.

Ndipite nthawi yanji kuti ndione zambiri?

Pa zonse zimene mungakonzekere, ichi ndiye chachikulu, ndipo amene amalamula ndi madzi. Kumagombe ambiri nyanja imadzala kawiri ndi kuphwa kawiri pa tsiku, chifukwa cha mphamvu yokoka ya mwezi ndi dzuwa. Kuchokera pa kudzala kumodzi kufika pa kwina pamapita maola 12 ndi mphindi pafupifupi 25, kotero nthawi yake imasuntha ndi mphindi ngati 50 tsiku lililonse. Pamene lero m'mawa pali matope okhaokha, sabata yamawa nthawi yomweyo padzakhala madzi. Mwezi ukakhala wathunthu, kapena ukakhala mumdima, madzi amadzala kwambiri ndi kuphwanso kwambiri kuposa masiku ena. Ndandanda ya nthawi zimenezi imapezeka pa intaneti ndi kumadoko, ndipo gombe lililonse lili ndi yakeyake.

Madzi akaphweratu, mbalame zimabalalikira kutali pamatope ndipo mumangoona timadontho. Anthu ambiri apa amayamba kuzilondola, izo n'kumasunthira kutsogolo, mpaka munthu kutopa asanaone kanthu. Chitani izi: fikani kutatsala maola awiri kapena atatu kuti madzi adzale, pezani malo ouma pomwe dzuwa likhale kumsana kwanu, khalani pansi. Madzi akamakwera amazikusa mbalamezo pang'onopang'ono n'kubwera nazo kwa inu. Zimabwera zikudya, zosakuopani, chifukwa zakupezani muli phee. Kwa ine, ola limodzi lokhala chonchi limaposa tsiku lathunthu loyendayenda.

Ngati mukufuna nkhanu ndi tizamoyo ta m'matope, nthawi yake ndi pamene madzi aphwa. Ngati mukufuna mapazi a nyama pamchenga, lawirirani m'mamawa mphepo isanawafufute.

Madziwo sangandizinge?

Akhoza, ndipo amapha. Pamatope athyathyathya madzi sabwera kuchokera kutsogolo kokha. Amayamba ndi kudzaza timigula tomwe munadumpha popita, ndiye mukamatembenuka mumapeza kuti kumbuyo kwanu kuli kale mtsinje. Mu Febuluwale 2004, ku Morecambe Bay ku England, anthu osachepera 21 ochokera ku China omwe ankatola nkhono usiku anamira chifukwa madzi anawatsekera njira. Ku Wadden Sea, kugombe la Netherlands, Germany ndi Denmark, komwe anthu amakonda kuoloka matope wapansi kupita kuzilumba, ulendowo umayendedwa ndi otsogolera odziwa malowo. Inu musapite kutali pamatope madzi akayamba kubwerera, ndipo chifunga chikagwa bwererani nthawi yomweyo. Uzani munthu wina kumene mwapita ndi nthawi imene mubwerere.

Mukatitimira m'matope ofewa, musalimbane nawo mutaimirira. Tayani katundu wolemera, tsamirani chagada kuti thupi liyale, kenako solololani mwendo umodziumodzi.

Pamilu, choopsa ndi kukumba. Dzenje lakuya kapena una wa m'mbali mwa mulu umagumuka mosachenjeza, ndipo mchenga ndi wolemera moti munthu wokwiririka sathanso kufutukula chifuwa. Ana asakumbe dzenje lopitirira mawondo awo. Kumathiriro kwa mitsinje ya ku Africa kumakhala ng'ona ndi mvuu, ndipo kumpoto kwa Australia ng'ona zimafika mpaka m'nyanja yeniyeniyo. Kumalo otere musaime m'mphepete mwenimweni mwa madzi, ndipo musadzapezeke pakati pa mvuu ndi madzi ake.

Nanga ndidzaona chiyani?

Yambirani pansi pomwe mwaima. Timaenje tapamchenga pamwamba pa mzere wa mafunde ndi ta nkhanu zotuwa zomwe zimathamanga kwambiri usiku. Pamatope a mangrove, mukangokhala osasuntha kwa mphindi zisanu, nthaka yonse imayamba kuyenda: nkhanu zing'onozing'ono zimatuluka mazanamazana, zazimuna zili ndi chala chimodzi chachikulu chomwe zimakweza ndi kutsitsa poitana zazikazi. Pomwepo pali nsomba zotchedwa mudskipper, zomwe zimatuluka m'madzi n'kumayenda pamatope ndi zipsepse, maso ali pamwamba pa mutu. Muzithaphwi za pakati pa milu mumakhala atombolombo ndi achule. Ku Ulaya muli chule wotchedwa natterjack, wa mzere wachikasu pamsana, amene amathamanga m'malo modumpha.

Koma chimene chimakoka anthu ambiri ndi mbalame. Poyamba zonse zimaoneka zofanana, zotuwa, za miyendo italiitali. Yang'anani milomo ndi kadyedwe, mudzayamba kuzisiyanitsa. Curlew ili ndi mlomo wautali wopindikira pansi, wopisira nyongolotsi ndi nkhanu zobisala mozama. Plover ili ndi mlomo waufupi ndi maso aakulu, imathamanga, kuima, kujompha, n'kuthamanganso. Sanderling imathamangitsana ndi funde, likamabwerera iyo pambuyo, likamabwera iyo patsogolo. Turnstone imagubuduza timiyala ndi ndere kufuna zomwe zabisala pansi. Oystercatcher imatsegula nkhono ndi mlomo wake wofiira. Kakowa amaima chilili kudikira nsomba. Flamingo, zomwe zimasonkhana zikwizikwi ku Walvis Bay ku Namibia, zimadya mutu uli chozondoka, zikusefa madzi ndi mlomo, ndipo kufiira kwa nthenga zake kumachokera m'tizamoyo ndi ndere zomwe zimadyazo. Kusiyana kwa milomoku n'kumene kumalola mitundu yambiri chonchi kudya pamatope amodzi popanda kulandana.

Nyama zikuluzikulu nthawi zambiri mudzangoona mapazi ake: nkhandwe yomwe inayenda usiku m'mphepete mwa mafunde, katumbu amene anatsetserekera m'madzi, gwape amene anabwera kudzamwa.

Mbalame zimenezi zimachokera kuti?

Zambiri zimaswana kumpoto kwenikweni kwa dziko lapansi, kudera lotchedwa Arctic, ku Siberia, Alaska, Greenland ndi kumpoto kwa Canada, m'miyezi ya Juni ndi Julayi pomwe dzuwa sililowa ndipo tizilombo timachuluka. Chisanu chikayandikira zimanyamuka kulowera kummwera. Kambalame kotchedwa little stint, kolemera magalamu pafupifupi 25, kamauluka kuchokera ku Arctic mpaka kummwera kwa Africa. Mu Okutobala 2022, mbalame ya mtundu wa bar-tailed godwit ya miyezi isanu yokha, yomwe akatswiri anaimangirira kachipangizo kolondolera, inauluka kuchokera ku Alaska mpaka ku chilumba cha Tasmania ku Australia, makilomita 13,560, kwa masiku 11 osatera paliponse. Mbalame imeneyi singathe kupumira panyanja, ndiye mafuta omwe inanenepa isananyamuke ndiwo anali kamba wake yense wa ulendowo.

Mafuta amenewo amachokera m'matope. N'chifukwa chake madambo a kugombe ali ngati malo opumira omwe mbalame zimadalira chaka ndi chaka. Ku Wadden Sea, m'mphepete mwa Netherlands, Germany ndi Denmark, kumadutsa mbalame pakati pa 10 ndi 12 miliyoni pa chaka, ndipo zina mwa izo zimakathera nyengo yachisanu ku Banc d'Arguin ku Mauritania. Ku Delaware Bay ku America, mbalame za red knot zochokera ku Tierra del Fuego, kummwera kwenikweni kwa South America, zimafika mu Meyi, nthawi yomwe nkhanu za horseshoe zikuikira mazira pagombe, ndipo m'masabata awiri zimanenepa pafupifupi kuwirikiza kawiri zisanapitirire ku Arctic.

Malo amodzi otere akatha, sikuti mbalame zimangosamukira kwina. Mu 2006 dziko la South Korea linatseka mathiriro a Saemangeum ndi khoma la makilomita 33 kuti liumitse matope. Mbalame za great knot zomwe zinkadyera kumeneko zikwizikwi sizinapeze pena pokwanira, ndipo chiwerengero chake chinatsika kwambiri.

Ndingayandikire mpaka pati?

Palibe mtunda umodzi woyenera nyama zonse. Nyamayo ndiyo imakuuzani. Mbalame ikasiya kudya n'kudzutsa mutu, mwayandikira mokwanira. Ikayamba kuyenda chokutalikirani kapena kulira mobwerezabwereza, mwapitirira, bwererani. Ikauluka, mwaidyera kale mphamvu zake.

Ambiri saona vuto pamenepa, amati yauluka ndipo itera pena. Koma mbalame za m'matope zimadya pokhapokha madzi akaphwa, ndipo madzi akadzala zimaunjikana pa kachigawo kochepa kouma kuti zipume. Kumeneko n'kumenenso anthu amadutsa. Gulu likadzidzimutsidwa kasanu kapena kakhumi pa tsiku, wina ndi galu, wina ndi kamera, wina wongothamanga, mafuta aja omwe likusungira ulendo wa makilomita zikwi amathera m'kuzungulira mlengalenga. Aliyense wa anthuwo amapita kwawo akudziwa kuti sanalakwe kanthu. Chithunzi cha mbalame zambirimbiri zikunyamuka nthawi imodzi chimakongola, koma ngati mwazinyamutsa ndinu, sindikuona kuti n'choyenera kuchinyadira.

Nyengo yoswana ndiyo yovuta kwambiri. Mbalame za plover ndi tern sizimanga chisa. Zimangopalasa kadzenje pamchenga n'kuikiramo mazira a mawangamawanga ofanana ndi timiyala, moti mukhoza kuwaponda mukuyang'ana pansi pomwepo. Mukaona kambalame kakukhwekhwereza phiko ngati lathyoka, sikanavulale. Kakufuna mukatsatire kuti muchoke pomwe pali mazira kapena ana ake. Chokanipo msanga, mukuponda mosamala, kulowera kumchenga wonyowa. Kholo likachoka pamazira dzuwa lili pamutu, mchenga wotentha ukhoza kuwapha m'kanthawi kochepa, ndipo akhwangwala ndi mbalame za gull zimakhala zikuyang'ana pamene kholo lanyamukira.

Pali zina zothandiza. Musaime pamwamba pa mulu pomwe thupi lanu lonse likuonekera kuthambo. Musalunjike nyama poyenda, dutsani cham'mbali. Musaimbe kulira kwa mbalame pa foni kuti ituluke, chifukwa imasiya chisa kukamenyana ndi mdani amene kulibe. Ma drone, tindege touluka popanda munthu mkati, asiyeni kunyumba: mbalame zimawaona ngati kabawi, ndipo m'malo ambiri otetezedwa ndi oletsedwa.

Galu wanga ndi wofatsa, ndingapite naye?

Mbalame siidziwa kuti ndi wofatsa. Imaona nyama ya miyendo inayi yofanana ndi nkhandwe, ndipo imathawa galu ali patali kuposa momwe imathawira munthu. Kumene agalu amaloledwa, akhale pa chingwe chachifupi. Nyengo yoswana ndi bwino kungomusiya.

Bwanji amaletsa kuchoka m'njira? Mchenga si mchenga basi?

Udzu wa pamilu umapirira mchere, mphepo ndi ludzu, koma supirira phazi. Anthu ochepa akadutsa malo amodzi mobwerezabwereza, udzu umathyoka n'kufa, ndipo pamatsala kanjira ka mchenga wosagwidwa. Mphepo ikapeza kampata kameneko imakakulitsa mpaka kukhala chigwembe, ndipo mchenga womwe unagwidwa kwa zaka zambiri umayamba kuyenda kulowera kumtunda. Matayala a galimoto ndi njinga zamoto amachita zomwezo tsiku limodzi.

Mbiri ili ndi umboni. Ku Curonian Spit, kamtunda kakatali ka mchenga komwe lero kali m'manja mwa Lithuania ndi Russia, anthu atadula nkhalango m'zaka za m'ma 1700, milu inayamba kuyenda n'kukwirira midzi yoposa 10. Zinatengera ntchito yaikulu yobzala udzu ndi mitengo m'zaka za m'ma 1800 kuti mchenga uime. Ku Netherlands, komwe dera lalikulu lili pansi kuposa nyanja, milu ndi mbali ya chitetezo cha dziko ku madzi osefukira, ndipo mzinda wa Amsterdam wakhala ukumwa madzi ochokera m'milu kuyambira mu 1853.

Sikuti mulu uliwonse woyenda ndi wowonongeka. Dune du Pilat ku France, wotalika kuposa mamita 100, umasuntha chaka chilichonse n'kumakwirira mitengo ya paini, ndipo anthu amaloledwa kuukwera. Kwina oyang'anira malo amachita kuchotsa dala zitsamba kuti mchenga uyambenso kuyenda, popeza pali zomera ndi tizilombo tomwe timafuna mchenga wosaphimbidwa. Koma zimenezo amasankha ndi anthu amene apima malowo. Inu ndi ine tiyende pa matabwa ndi m'njira zomwe aika, ndipo pomwe palibe njira tiyende pamchenga wonyowa, pansi pa mzere wa ndere.

Nditenge chiyani?

Madzi akumwa ambiri kuposa momwe mukuganizira, chifukwa pamilu palibe mthunzi ndipo mphepo imabisa ludzu. Chipewa, malaya a manja aatali, ndi chovala chotchinga mphepo ngakhale kunja kukuoneka kotentha. Nsapato zotseka zomwe simudandaula zikalowa matope: mchenga wouma umaotcha masana, ndipo m'matope muli zigoba zakuthwa. Zovala zikhale za mtundu wosawala, ngakhale kuti kusasuntha kumathandiza kuposa mtundu wa malaya.

Chida chimodzi chomwe chimasinthiratu ulendo ndi ma binoculars, magalasi oonera patali. Olembedwa 8x42 ndi abwino kuyambira: 8 akutanthauza kuti chinthu chimaoneka pafupi kasanu ndi katatu, 42 ndi kukula kwa galasi lakutsogolo m'mamilimita. Okulitsa kwambiri amanjenjemera m'manja, makamaka kumphepo. Galasi likagwira mchenga, liuzireni kaye musanalipukute, apo ayi mulikanda.

Ndingaone bwanji akamba a m'nyanja akuikira mazira?

Pitani ndi otsogolera ovomerezeka, chifukwa magombe ambiri oikirako akamba amatsekedwa usiku. Kugombe la kumpoto kwa KwaZulu-Natal ku South Africa ndi kummwera kwa Mozambique, akamba a loggerhead ndi leatherback amatuluka kuyambira cha mu Novembala, ndipo ana amaswa mpaka cha mu Malichi. Leatherback ndiye kamba wamkulu kuposa onse, amatha kupitirira makilogalamu 500. Kamba wamkazi amakwawa kuchoka m'madzi mpaka m'tsinde mwa milu, kukumba dzenje ndi miyendo yakumbuyo, kuikira mazira pafupifupi 100, kufotsera, n'kubwerera. Akasokonezedwa ndi kuwala kapena phokoso asanayambe kuikira, amatembenuka n'kubwerera m'madzi. N'chifukwa chake mumadikira patali mumdima mpaka wotsogolera atakuitanani, mumaima kumbuyo kwa kambayo, ndipo tochi yololedwa ndi yofiira yokha. Kujambula ndi kuwala kwa kamera ayi.

Mazira amakhala mumchenga pafupifupi miyezi iwiri, ndipo kutentha kwa mchengawo ndiko kumasankha ngati ana adzakhale aamuna kapena aakazi. Kukapitirira madigiri pafupifupi 29 kumabadwa aakazi ambiri, kukatsika kumabadwa aamuna ambiri. Tiana tikatuluka timalondola kumene kukuwala, komwe pagombe la mdima ndi kunyanja. Magetsi a nyumba, moto kapena foni zimatisocheretsa kulowera kumtunda, komwe timafa ndi dzuwa. Musatinyamule kukatiponya m'madzi, tisiyeni tiyende tokha, inu mungoonetsetsa kuti simunasiye maenje kapena katundu panjira yake.

Dambo likununkha ngati mazira oola. Kodi ndi loipitsidwa?

Kawirikawiri ayi. M'matope a kugombe mulibe mpweya wokwanira, ndiye mabakiteriya omwe amaoletsa masamba mmenemo amatulutsa mpweya wa sulfure, womwe ndi fungo mukumvalo. Kuda bii kwa matope apansi kumachokeranso pomwepo. Chifukwa zinthu zimaola pang'onopang'ono chonchi, madambo a mchere ndi nkhalango za mangrove zimasunga kaboni wambiri m'nthaka kwa zaka mazana.

Zoyenera kusamala nazo ndi udzudzu madzulo, makamaka kumadera a malungo, ndi nkhupakupa za mu udzu wa pamilu. Ku Ulaya ndi ku North America nkhupakupa zimafalitsa matenda a Lyme, kwina zimayambitsa kutentha thupi. Lowetsani buluku m'masokosi, ndipo mukafika kunyumba dzifufuzeni thupi lonse. Mukapeza nkhupakupa, igwireni pafupi ndi khungu n'kuizula molunjika.

Kodi ana angapite nawo?

Kwambiri, ndipo nthawi zambiri iwo ndiwo amayamba kuona nkhanu ndi mapazi chifukwa maso awo ali pafupi ndi nthaka. Ulendo ukhale waufupi, pakuti kuyenda pamchenga wofewa kumatopetsa msanga. Apatseni ntchito, monga kuwerenga maenje a nkhanu kapena kulondola mapazi a mbalame imodzi kuti aone komwe inathera. Chovuta ndi kuwaletsa kuthamangitsa gulu la mbalame, ndipo zimayenda bwino mukawafotokozera kutalika kwa ulendo womwe mbalamezo zayenda kusiyana ndi kungowakalipira.

Ndingatole zigoba? Nanga ndikapeza kamwana ka nyama kali kokha?

M'malo otetezedwa nthawi zambiri kutola chilichonse n'koletsedwa. Kwina kutenga chigoba chimodzi kapena ziwiri si mlandu, koma suzumirani kaye mkati, chifukwa pali nkhanu zina zopanda chigoba chawochawo zomwe zimakhala m'zigoba za nkhono zakufa n'kumasamukira m'zazikulu zikamakula. Kunyanja zotentha musagwire nkhono zamoyo zosongoka zotchedwa cone, zina zili ndi ululu wakupha. Ndere zoola ndi zikuni za pamzere wa mafunde si zinyalala, ndi chakudya cha tizilombo tomwe mbalame zimadya, ndipo ndi pomwe milu yatsopano imayambira. Chomwe mungatole momasuka ndi mapulasitiki ndi zingwe za maukonde.

Kamwana ka plover kamayenda kokha patangopita maola ochepa kataswa, ndipo kakaona ngozi kamagona pansi osasuntha. Kholo lili pafupi, likudikira kuti muchoke. Chimodzimodzi ana a akatumbu a m'nyanja otchedwa seal: mayi amasiya mwana pagombe n'kupita kukasaka, ndipo anthu akamuunjirira mwanayo, mayi amaopa kubwerera. Nyama ikakhala yovulaladi kapena yakodwa mu ukonde, imbirani oyang'anira malowo. Mbalame zakufa kapena zodwala musazigwire. Kuyambira mu 2021 chimfine cha mbalame cha H5N1 chapha mbalame za kunyanja zambirimbiri m'makontinenti angapo, ndipo chafalikiranso kwa akatumbu a m'nyanja.

Sindidziwa mayina a mbalame. Ndiyambire pati?

Sankhani mbalame imodzi yomwe ili pafupi n'kuiyang'ana nthawi yaitali: kukula kwake poyerekeza ndi zinzake, mtundu wa miyendo, kupindika kwa mlomo, mmene ikudyera. Lembani musanatsegule buku. Mitundu isanu yodziwika bwino imakupatsani poyezera ina yonse. Pulogalamu ya pafoni ya Merlin Bird ID, yopangidwa ndi Cornell Lab of Ornithology, imathandiza kuzindikira mbalame pa chithunzi kapena kulira kwake, ngakhale imaphonya nthawi zina, makamaka pa mbalame zotuwa za m'matopezi.

Zomwe mwaona zili ndi ntchito. Mukhoza kuzilemba pa eBird, tsamba la pa intaneti lolembapo mbalame zomwe anthu aona, komwe akatswiri amatengako chiwerengero. Mwezi wa Januwale chaka chilichonse, kuyambira mu 1967, anthu ongodzipereka m'maiko ambiri amawerenga mbalame za m'madzi pa kalembera yemwe amayendetsedwa ndi bungwe la Wetlands International, ndipo ongoyamba kumene amalandiridwa kuti aziphunzira kwa odziwa. Mukaona mbalame ili ndi kambendera kapena mphete zamitundu kumwendo, lembani mitunduyo, zilembo zake ndi mwendo womwe zili. Mukatumiza kwa omwe anaiveka, kawirikawiri amakuyankhani ndi mbiri ya komwe mbalameyo yakhala ikuoneka.

Pachipata palembedwa kuti Ramsar. Zikutanthauza chiyani?

Ramsar ndi mzinda wa ku Iran komwe maiko anasainira pangano loteteza madambo pa 2 Febuluwale 1971, ndipo tsiku limeneli limakumbukiridwa chaka chilichonse ngati tsiku la madambo padziko lonse. Maiko oposa 170 ali m'panganoli, ndipo malo oposa 2,400 ali pa mndandanda wake. Chikwangwanicho chikukuuzani kuti dambolo ndi lofunika kupitirira malire a dziko lomwe lilimo, kawirikawiri chifukwa cha mbalame zosamuka. Sichikutanthauza kuti anthu saloledwa kuphamo nsomba kapena kudula bango, chifukwa panganoli limalola kugwiritsa ntchito madambo mwanzeru. Sichikutanthauzanso kuti malowo apulumuka. Lipoti la mu 2018 la bungwe loyendetsa panganoli linapeza kuti pakati pa 1970 ndi 2015 dziko lapansi linataya pafupifupi magawo 35 pa 100 alionse a madambo ake achilengedwe.

Kodi ndifunika wonditsogolera?

Panjira zokonzedwa, zokhala ndi zikwangwani ndi tinyumba tobisalamo poonera mbalame, mukhoza kuyenda nokha. Pamatope otambalala, m'nkhalango za mangrove, kumalo a ng'ona ndi mvuu, ndi pa ulendo wa usiku wokaona akamba, musapite opanda munthu wodziwa malowo. Ngakhale pomwe palibe choopsa, ulendo woyamba umapindula kwambiri ndi munthu amene amadziwa kachilumba komwe mbalame zimapumira madzi akadzala, ndi mbali yomwe dzuwa silikuthobwani m'maso.

Wotsogolera wabwino mumamudziwa msanga. Amafunsa za madzi asanafunse za kamera yanu, amayenda patsogolo akuyang'ana pansi nyengo ya mazira, ndipo amaimitsa gulu nyama isanayambe kutekeseka. Ena, pofuna kusangalatsa alendo, amaomba m'manja kuti flamingo ziuluke, kapena kuyandikiza bwato pachisa, kapena kunyamula kamwana ka kamba kuti mujambule. Amachita zimenezo chifukwa akuganiza kuti ndi zomwe mwalipirira. Muuzeni musananyamuke kuti simukufuna nyama iliyonse ithawitsidwe chifukwa cha inu, ndipo akachitabe, kadziwitseni oyang'anira malowo.